Nkhokwe yokha siingapulumutse chinaka

M'badwo wathu unapeza chinaka, chimene ena amati chikande, chili ndiwo ya pakhomo. Amayi ankakumba timizu take pang'ono, n'kutisinja, kuthira nsinjiro ndi chidulo, n'kuvundula mpaka chilimbe. Lero chinasanduka malonda odutsa malire. Timizu tokumbidwa ku Nyika ndi kum'mwera kwa Tanzania timathera m'misika ya ku Zambia, ndipo dziko la Tanzania linakhazikitsa paki ya Kitulo mu 2005 makamaka pofuna kuteteza maluwa. Kuno ku Dwangwa, chiyambireni ulimi wa nzimbe kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, malo ambiri achinyontho analimidwa. Chomerachi, chomwe ndi cha m'gulu la maluwa a orchid monga Disa ndi Satyrium, chikupanikizidwa ndi khasu la wokumba komanso la mlimi.

Pofuna kupulumutsa zomera, akatswiri amasunga njere zouma m'nkhokwe zozizira kwambiri, monga amachitira ku Millennium Seed Bank ya Kew ku England, yomwe inatsegulidwa mu 2000. Ntchitoyi ndi yabwino, koma ine ndikuti payokha ndi yoperewera. Njere ya maluwawa ndi yaing'ono ngati fumbi, ndipo ilibe chakudya chakechake choyambira moyo. Kuti imere kutchire, imafuna tiulusi ta bowa ta m'nthaka tilowe mkati mwake n'kumaidyetsa, mfundo imene Noël Bernard wa ku France anaitulukira mu 1899. Wina anganene kuti njerezi zimamera m'mabotolo popanda bowa. N'zoona, Lewis Knudson anasonyeza zimenezo mu 1922 pozipatsa shuga. Koma mbande ikabwerera kudambo imakadalira zamoyo za m'nthakazo, ndipo dambo likatipulidwa n'kuuma, palibenso kobwezera njere zosungidwazo.

Enanso amati kuteteza chinaka n'kulanda amayi osauka pogwira. Nkhawayi ndi yomveka, chifukwa ambiri amagulira sopo ndi makope a ana ndalama ya malonda omwewa. Komatu kamuzu kamene amakumba ndi komwe kakanaphuka chaka chamawa, choncho kukumba mosasiyako n'kudzitsekera msika. Chofunika n'chakuti mafumu ndi okumbawo agwirizane: kukumba maluwa atamwaza njere, kupumitsa madambo mosinthana, ndi kusiya ena osalimidwa. Akatswiri a ku National Herbarium ku Zomba nawo, posonkhanitsa njere, azisunganso bowa wake ndi kulemba malo amene anazitenga.