Phunziro la Nowa pambuyo pa Freddy

Lamulungu loyamba limene ana anabwereranso ku Sande sukulu namondwe wa Freddy atadutsa, mu 2023, mayi amene walemba nkhani ino anatsegula buku lophunzitsira n'kupeza kuti phunziro la tsikulo linali la Nowa. Analitseka msanga. Patsogolo pake panali ana odzaza mabenchi anayi, ena atavala zovala zolandira kukampu, ndipo angapo anali ochokera m'munsi mwa phiri la Soche, kumene matope ndi miyala zinatsika n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe. Anaganiza zoilumpha nkhaniyo kuti aphunzitse za Zakeyu. Koma mtsikana wina wa Sitandade 4 anali ataona kale chithunzi cha chingalawa, ndipo anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, paja munati utawaleza ndi lonjezo loti madzi sadzaphanso anthu. Nanga amayi ake a mnzanga uja?"

Pa msinkhu umenewo, mphunzitsiyu sakanayerekeza n'komwe kufunsa funso lotere. Iye anakulira m'dera la Phalombe, ndipo anali ndi zaka 10 mu March 1991, pamene madzi, miyala ndi mitengo zinagumuka paphiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Akuluakulu anangoti napolo wadutsa, chinjoka chija chimene amati chikamasamuka kuphiri chimakokolola zonse za m'njira yake. Kutchalitchi abusa anati n'chifuniro cha Mulungu. Agogo ake sankaona vuto kusunga mayankho awiriwa pamodzi, ndipo mwana wofunsa kuti loona ndi liti ankauzidwa kuti za akulu sazitola.

Masiku amenewo imfa inkabisidwa kwa ana monga amabisira mankhwala oopsa. Maliro akagwa m'mudzi, ana ankasonkhanitsidwa kunyumba yakutali ndi siwa. Bokosi likamadutsa, ankawalowetsa m'nyumba n'kutseka chitseko. Kumanda kunali kwa adzukulu ndi anthu aakulu okhaokha. Mchimwene wake wamng'ono atamwalira ndi malungo, mphunzitsiyu, ali mwana, anauzidwa kuti wapita kwa azakhali, ndipo kwa miyezi yambiri ankati akamva kulira kwa basi n'kuthamangira kumsewu. Palibe anamunamiza chifukwa cha nkhanza; makolo ankaona kuti mtima wa mwana ndi wanthete, sungasenze zimenezo. Koma zoona anadzazimva kuchitsime, pakamwa pa mwana mnzake, popanda wamkulu aliyense womugwira dzanja. Chikhristu chimene ankaphunzira chinali cha mafunso ndi mayankho oloweza a m'katekisimu, nyimbo ndi mavesi. Zinali zolimba, ndipo mpaka lero zimamuthandiza, koma mafunso onse anali olembedwa kale. Funso lake lenileni, loti Mulungu analoleranji kuti khanda life, munalibe.

Chimene chinagwetsa mpanda wobisira ana imfa ndi Edzi. Munthu woyamba kupezeka ndi matendawa m'Malawi anadziwika mu 1985, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 sabata sinkatha popanda maliro. Okhoma mabokosi anadzaza m'mphepete mwa misewu ya m'tauni. Mwana ukanamutsekera kuti, pamene ndi iyeyo amene ankaphikira mayi ake phala, kuwatengera kudzuwa ndi kuchapa zofunda zawo? Ana ambiri anaona makolo awo akuwonda tsiku ndi tsiku, kenaka anakatsala ndi agogo okalamba, ena n'kumalerana okhaokha.

Apa mpingo unachita zazikulu, ndipo unalakwanso kwambiri. Amayi a Mvano ndi a Chigwirizano, ndi Akatolika a m'miphakati, ankayendera odwala, kuwasambitsa ndi kudyetsa ana amasiye pamene achibale ena anali atathawa. Koma paguwa pankamveka kawirikawiri kuti matendawa ndi chilango cha chigololo. Olalikira ankaiwala kuti kutsogolo, pamphasa, pakhala ana. Mlembiyu ali mtsikana wa kusekondale anaona msuweni wake wa zaka 8 akubwera kuchokera ku mapemphero n'kukana kudya, chifukwa anali atamva ndi makutu ake kuti bambo ake, amene anawaika m'manda mwezi womwewo, akupsa kumoto. Mwanayo anakula, ali ndi banja, koma m'tchalitchi salowamo. Zinthu zinayamba kufewa cha m'ma 2004, chaka chimene pulezidenti Bakili Muluzi ananena poyera kuti mchimwene wake anamwalira ndi Edzi, komanso chimene mankhwala a ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma. Anthu amene mpingo unali utawawerengera kale kumanda anadzuka n'kubwerera kukwaya, ndipo ulaliki wa chilango unayamba kuchita manyazi.

Ana a lero sabisikanso. Anakhala miyezi ingapo osapita kusukulu mu 2020 chifukwa cha Covid-19. Kumayambiriro kwa 2023 sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera. Kenaka Freddy, amene anasiya anthu oposa 1,000 atamwalira kapena kusowa osapezekanso, ndi ena oposa theka la miliyoni alibe pokhala. Makalasi awo omwewo anasanduka makampu. Zithunzi za matupi akufukulidwa m'matope anaziona pa WhatsApp m'foni za makolo awo. Ndipo mayankho amawapeza kumbali zonse: wina akuti ndi mfiti, wina akuti ndi machimo a dziko, mneneri wa pa TV akuti amene anali ndi chikhulupiriro chokwanira anapulumuka. Lomalizali ndi limene limamupweteka kwambiri mphunzitsiyu, chifukwa mwana wamasiye amalimasulira yekha kuti amayi ake sankapemphera mokwanira, kapena kuti iyeyo ndiye anaiwala kupemphera usiku umenewo.

Ndiye tsiku lija, funso litafunsidwa, iye anaika buku pansi n'kukhala pabenchi pamodzi ndi anawo. Anawauza kuti lonjezo la kwa Nowa linali loti chigumula sichidzawononganso dziko lonse, koma anavomera kuti kwa mwana amene nyumba yake yakwiririka, dziko lake lonse ndi lomwelo. Anawauza kuti chifukwa chimene Mulungu analolera kuti mayi uja afe, wina n'kutsala, iye sakuchidziwa, abusa sakuchidziwa, ndipo aliyense wonena kuti akuchidziwa asamumvere. Mawu amenewa agogo ake sakanawanena pamaso pa ana, poopa kugwetsa chikhulupiriro chawo. Anawo sanagwe. Anangoyandikira.

Kenaka anatsegula malo a m'Baibulo amene iye ali mwana sanawamvepo ku Sande sukulu. Pa Luka 13 Yesu akukamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo akukana kuti anali ochimwa kuposa anzawo. Pa Yohane 9 ophunzira akufuna kudziwa amene anachimwa kuti munthu abadwe wosaona, iye kapena makolo ake, ndipo Yesu akukana zonse ziwiri. Pa Yohane 11 Yesu mwini akugwetsa misozi kumanda a Lazaro, ngakhale ankadziwa zimene ati achite. Mnyamata wina anadabwa kumva kuti Yesu ankalira, chifukwa amalume ake anamuuza pa maliro kuti mwamuna salira, ndipo Mkhristu wolira kwambiri akutsutsana ndi Mulungu. Mphunzitsiyu anamuonetsa kuti Masalimo ambiri ndi madandaulo a anthu ofunsa Mulungu kuti wawaiwaliranji, ndipo analembedwa m'buku lomwelo limene abusa amanyamula.

Anawauzanso za phiri. Mitengo ya pa Soche inatha ndi nkhwangwa za nkhuni ndi makala, anthu osauka anamanga pamtsetse chifukwa malo abwino ndi odula, ndipo mvula inagwa masiku angapo osaleka mpaka dothi linalephera kudzigwira. Iye amaona kuti mwana Wachikhristu ayenera kumva zimenezi m'tchalitchi momwemo, kuti asamakankhire kwa Mulungu kapena kwa napolo zinthu zimene manja a anthu angathe kukonza.

Si makolo onse anakondwa. Mayi wina anamudikirira pakhomo la tchalitchi sabata yotsatira. "Amayi, ife timatumiza ana kuti akalimbe m'chikhulupiriro, inu mukukawauza kuti simudziwa?" Anakambirana nthawi yaitali pansi pa mtengo, ndipo sanagwirizane kwenikweni. Mlembiyu amawamvetsa mayi aja, chifukwa nayenso amasowa zina za kale: mudzi wonse kugona pa siwa, nyimbo usiku wonse, mwana wamasiye kukhala ndi amayi ambiri. M'tauni zimenezi zikuchepa, ndipo mphunzitsi wa Sande sukulu amakhala ndi ana ola limodzi lokha pa sabata.

Phunziro la Nowa anadzaliphunzitsa patapita miyezi itatu, m'nyengo yozizira. Mtsikana uja anabwera ndi mnzake wamasiyeyo, amene tsopano amakhala ndi azakhali ake ku Ndirande. Itakwana nthawi yojambula, ana ambiri anajambula chingalawa ndi nyama ziwiriziwiri. Wamasiyeyo anajambula phiri, nyumba imodzi m'munsi mwake, ndi mayi ataima pakhomo. Anapempha choko chofiira ndi chachikasu, nafunsa ngati n'kololeka kuika utawaleza pamwamba pa nyumba imene kulibenso. Mphunzitsiyu anamupatsa chokocho n'kumugwirira pepala kuti lisauluke ndi mphepo.