Akalulu a ku Chunga ndi Khutu la Amalume

Ana anga, inu amene mwabadwa Chunga ili kale ndi manda ake, mtaya wa zinyalala za mzinda wonse ndi nyumba zothithikana, mungavutike kukhulupirira kuti kuno kunali tchire lonunkhira, lakuti mwana akangopitirira nyumba zomalizira za Matero ankamira m'tsekera womuposa msinkhu. M'zaka zoyamba za ufulu, pambuyo pa 1964, Lusaka anali mzinda woti munthu n'kuutuluka wapansi dzuwa lisanatenthe, pamene lero kalembera wa 2022 akuti tapitirira anthu 2 miliyoni. Makolo athu ambiri anachokera kum'mawa, ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke, kudzafuna ntchito, ndipo pamodzi ndi mphasa ndi mithiko yawo anabwera ndi uzimba.

Nyengo yake inali chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, udzu utauma ndipo moto utadutsa. Fungo la lupsa m'mamawa silindichoka m'mphuno: phulusa lonyowa ndi mame, ziputu zobaya kumapazi, ndi timsipu tobiriwira tongotuluka kumene, timene kalulu amatikonda koposa. Tinkatsika ndi mtsinje wa Chunga, uja umakathira mu Mwembeshi, madzi ake akadali oti n'kusukusula kumaso. Akuluakulu ankanyamula zibonga ndi makasu a mpini waufupi, ife ana malegeni ndi matumba, agalu ali patsogolo, agalu achikuda owonda, a makutu osongoka, oleredwa ndi mikute ndi madeya. Tinkayenda motambalala, wina apa wina apo, chifukwa chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo wolankhula mokweza ankabwezedwa kunyumba.

Kalulu wathu wakutchire sakumba una. Amagona pamtunda, pakadzenje kosaya patsinde pa udzu, makutu atawagoneka pamsana, ndipo mungathe kudutsa pafupi naye osamuona, kufikira atadzambatuka pansi pa mapazi anu. Kuthamanga kwake n'kokhotakhota, galu wachinyamata amangopitirira n'kugwa m'fumbi. Koma akapanikizidwa amalowa m'dzenje lokumbidwa ndi nyama ina, kawirikawiri m'mbali mwa chulu, ndipo apo ndi pamene ntchito yeniyeni inkayambira.

Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, anali ndi kagalu kakakazi kolowa m'maenje, ndipo anakamangirira kabelu kachitsulo m'khosi. Kakalowa, tonse tinkakhala chete. Amalume ankagona chafufumimba, khutu pansi, n'kumasuntha pang'onopang'ono, akumvera kulira kwa belu, kukanda kwa zikhadabo ndi kuuwa kogonthera kochokera m'nthaka. Nthawi zina ankazika ndodo pansi n'kuika khutu kumapeto kwake. Ankatha kusiyanitsa kuuwa kwa galu amene wapeza kalulu ndi kwa galu amene wakumana ndi nungu kapena njoka, ndipo akamva kwachiwiriku ankatiuza kuti tifutuke msanga. Akakhutira ankaloza ndi chala: "Kumba apa, mphwanga, koma khasu lipendeke, ungamuteme galu." Tikakayikira ankangoti galu wamkota sakandira pachabe. Dzanja m'dzenje ankaletsa ndithu. Choyamba inali ndodo yaitali ya mphanda, yopotera ubweya wa nyama n'kuikokera kunja. Luso lomweli ndi limene tinkakumbira mbewa ndi bwampini: kudziwa una wamoyo poona dothi latsopano, ndi kutseka kabowo kothawira musanatukule khasu.

Zimene zandikumbutsa zonsezi ndi kanema amene mdzukulu wanga anandionetsa pafoni, wa alenje a ku England. Kumeneko kalulu ndi wa mtundu wina, wokumba mauna ambiri olumikizana n'kumakhala mwaunyinji pansi pa nthaka. Ndiye kholo la akalulu amene mumaweta m'makola kuseri kwa nyumba. Alenjewo amaweta kanyama kotchedwa ferret, ka thupi lalitali ngati likongwe, kachibale ka kanyimbi. Amatchera timaukonde pakhomo pa una uliwonse, n'kulowetsa kanyamako, ndipo akalulu pothawa amakodwa. Vuto limabwera kakagwira kalulu pansi pomwepo, kudya n'kugona, mwini wake ali pamtunda osadziwa pokumba. Agogo a alenjewo ankalowetsa kena kolimba kali ndi chingwe chokhala ndi zizindikiro, kuti adziwe utali umene kalowa, nawonso n'kuika khutu pansi monga amalume. Lero amakaveka lamba wam'khosi wokhala ndi kabatire, wotumiza chizindikiro, ndipo mlenje amayenda pamwamba ndi kabokosi kamene kamalira kwambiri akafika pamene pali kanyamako, n'kumuuzanso kuya kwake, ngakhale mamita angapo. Amakumba dzenje limodzi lolunjika, basi.

Chida chimenechi sindichinyoza, ana anga. Amene anaonapo galu wokondedwa atatsekeredwa ndi dothi logumuka, anthu akukumba mbali yolakwika mpaka mdima, amadziwa kuti ola limodzi lingathe kupulumutsa moyo. Ifenso tinatayapo galu motero, ndipo amalume sanadye nsima usiku umenewo. Kabokosi kotere akanakalandira ndi manja awiri. Chimene ndimadandaula ndi china: kabokosiko kamagwiridwa ndi munthu mmodzi, ndipo mwana woima pambali amangophunzira kudina batani. Ife tinkagona pansi pambali pa wamkulu, tsaya pa dothi lofunda, tikumva zimene iye akumva, iye n'kumatinong'oneza kuti uku ndi kukanda, uku ndi kupuma, uku ndi mphepo chabe yodutsa m'mauna a chiswe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako tinkakuphunzira pamenepo, pamodzi ndi mayina a mitengo imene tinkapumira mumthunzi wake, msuku, msekese ndi muwanga.

Tchire lija linapita ndi nkhwangwa za makala, zikombole za njerwa ndi mapuloti. Lamulo la nyama zakutchire la 2015 limafuna kuti wosaka akhale ndi chilolezo, ndipo ine ndimaliona kuti n'loyenera, poti ifenso tinatentha tchire mopitirira muyeso ndipo zotsala n'zochepa. Mwana wofuna kuona nyama zakutchire tsopano amakwera galimoto kudutsa mzinda wonse mpaka ku Lusaka National Park, imene inatsegulidwa chaka chomwecho.

Masiku aja, pobwerera ku uzimba madzulo panali dongosolo lake. Matumbo anali a agalu, pomwepo kutchire, asanadye munthu aliyense. Mwendo wam'mbuyo unkapita kwa amene chibonga chake chinayamba kugunda, wina kwa mwini galu, ndipo ngakhale kamwana kamene kanangonyamula thumba kankalandira kachidutswa koti kakaonetse amayi ake. Kunyumba azimayi ankawawula kaluluyo, kumuwaza mchere, n'kumuwamba pamakala mpaka afiire, mawa lake n'kumuphika ndi nsinjiro mumphika wadothi. Mbale yoyamba inkatumizidwa kwa agogo aakazi a nyumba yoyandikana nafe, Abemba a ku Kasama amene analibe mwana wamwamuna wowasakira, ndipo wonyamula mbaleyo ankagwada pakhomo, kudikira kuti aikhuthule, n'kubwerera nayo muli mtedza wokazinga.