Musanakwere bwatolo, liyang'aneni kaye

Ana anga, lero nkhani za m'banja ndi za kusikelo tiziike kaye pambali, ndikufuna ticheze za madzi. Ife a kuno ku Neno timadziona ngati anthu a kumtunda, a mbatatesi ndi manachesi, moti tikamva pa wailesi za ngozi ya boti timati izo n'za anzathu a ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay. Komatu malire athu ndi Blantyre ndi mtsinje wa Shire, ndipo Lisungwi ndi Wamkulumadzi ndi mitsinje yathu yomwe. Milatho ya pa Zalewa ndi pa Matope si aliyense ali nayo pafupi. Munthu akaona kuti kuzungulira kumlatho kumudyera tsiku lonse komanso ndalama ya kabaza, amangotsetserekera kudoko n'kukwera bwato. Sindikumunena ayi, nanenso pa zaka zomwe ndidagwira ntchito ya unamwino ndidawolokapo kangapo.

Mitsinje yathuyi muidziwe khalidwe lake. Mvula ikagwa kumapiri a kwa Dambe, inu a kumunsi kwa Saimoni mutha kukhala padzuwa lowala bwino, koma pakangopita maola ochepa Lisungwi wafufuma. Mukaona madzi asanduka ofiira, akubwera ndi zinyalala, mapesi ndi nthambi za mitengo, dziwani kuti ochuluka akadali m'njira. Shire nayenso mbali yathu ino si wofatsa ngati wa ku Liwonde. Kuchokera pa Matope mpaka ku Kapichira amatsika ndi mathithi okhaokha, n'chifukwa chake magetsi adawatchera pa Nkula mu 1966, kenako pa Tedzani. Ngakhale David Livingstone mu 1859 sitima yake idalekezera pa Kapichira. Ndiye bwato likaphonya doko mbali inoyi, limathamangira kumiyala.

Tikumbutsane ngozi zingapo zomwe tonse tidazimva. Mu Epulo 2017 ku Mlowe m'boma la Rumphi boti lidatembenuka panyanja litadzaza ndi anthu ochokera ku mapemphero a Isitala. Mu Epulo 2023 pamtsinje wa Rusa ku Mchinji lidamira bwato la anthu opita kumaliro. Mwezi wotsatira, Meyi 2023, mvuu idagunda bwato pa Shire ku Nsanje, ndipo m'bwatomo mudali anthu 37 opita kuminda. Mtembo woyamba kupezeka udali wa mwana wa chaka chimodzi. Taonani bwino anthu amenewa. Sadali zidakwa kapena anyamata ochita masewera. Adali akhristu, anamalira, alimi, anthu oyenda pagulu pa ulendo wabwino.

Apa m'pamene ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa chomwe chimadzaza bwato kawirikawiri ndi manyazi. Mwafika padoko anthu makumi atatu, bwato ndi limodzi, kutsidya mwambo wa maliro wayamba kale. Wopalasa akuti, “Kwerani nonse, ili limanyamula kuposa apa.” Apongozi akwera, a mvano akwera, nyimbo yayambika. Tsono iwe mkamwini ungatsale bwanji padoko osaoneka wamantha? Iwe mtsikana wongokwatiwa kumene unganene bwanji kuti sukwera pamene alamu ako akuti fulumira? Mumakwera mtima ukukana. Mbewa ya manyazi idafera kudzenje, ana anga. Wopalasayo kumbukirani kuti amalandira ndalama pa mutu uliwonse, ndiye ulendo umodzi wodzaza umamupindulira kuposa maulendo awiri. Si kuti ndi munthu woipa, nayenso akusaka ya ufa, koma mawu ake oti “limanyamula” musawatenge ngati a m'buku lopatulika.

Inu abambo, ntchito iyi ndi yanu. Mkazi wanu pamaso pa akuchimuna sangakane yekha, makamaka akakhala woyembekezera kapena ali ndi khanda. Yankhulani ndinu, mwaulemu: “Amayi, tsogolani, ife tidikira ulendo wachiwiri.” Basi. Akanyinyirika anyinyirike, madzulo aiwala. Ndipo nkhaniyi muzigwirizana muli kunyumba, osati kukayamba kukokanakokana padoko anthu akuonerera.

Nanga bwato lodzaza mulidziwa bwanji? Musawerenge anthu okha. Thumba la chimanga kapena la feteleza la makilogalamu 50 ndi munthu wina ameneyo, njinga yamoto ndi anthu awiri. Yang'anani mpata womwe watsala pakati pa madzi ndi mlomo wa bwato. Ine ukachepa kuposa chikhatho changa chotambasula, ndimakhala pansi n'kudikira. Yang'ananinso m'kati. Ngati muli madzi ofika m'kakolo ndipo mnyamata akungokapa osalekeza, bwatolo likuchucha. Madzi a m'kati ndi oipa chifukwa bwato likapendekeka pang'ono onse amathamangira mbali yomweyo n'kulimalizitsa. Chimodzimodzinso anthu: mmodzi akakuwa kuti ng'ona, onse n'kudzambatuka kuthawira mbali imodzi, bwato latembenuka ng'onayo isanachite kanthu. Mukakwera khalani pansi penipeni, katundu wolemera pakati, ndipo wina asaimirire mpaka bwato litagunda mchenga. Wopalasa akamanunkha kachasu, kapena dzuwa likamalowa, ulendowo ugone. Mvuu zimatuluka kukadya chakumadzulo n'kubwerera m'madzi m'bandakucha, ndiye nthawi zimenezo si zowolokera.

Tsopano inu amayi, za mwana wa kumbuyo. Chaka china ndikadali pantchito adabwera naye mayi wina pachipatala chomwe ndinkagwirapo, zovala zili chonyowa, akunjenjemera. Bwato lawo lidatembenuka pafupi ndi gombe ndipo anthu adamuvuula msanga ndithu. Iye adapulumuka. Mwana adali akadali kumbuyo, womangidwa bwinobwino ndi nsalu ziwiri monga timachitira tonse, koma adali atatisiya. Mayiyo pomenyera kuti nkhope yake ikhale pamwamba pa madzi, kamutu ka mwana kadali pansi pa madzi nthawi yonseyo, iye osadziwa. Ndidamumasula ndine nsaluyo. Palibe chimene adalakwa mayi ameneyo, adachita zomwe amayi ake adamuphunzitsa. Koma chichokereni tsiku limenelo ndimauza mayi aliyense kuti asanakwere bwato amutsitse mwana kumbuyo, amufukate kutsogolo komwe akumuona nkhope, ndipo bambo kapena munthu wodziwa kusambira akhale pafupi naye. Ana awiri ang'onoang'ono asakhale m'manja mwa munthu mmodzi.

Chomwe chimapulumutsa kwenikweni ndi jekete yoyandamitsa ija. Ndikudziwa muti, “Anamwino, pamadoko athuwa jekete tiitenga kuti?” Zoona, sizipezeka wambawamba. Koma komwe mwaipeza, monga pa maboti a kunyanja, ivaleni ndipo mumange malamba onse, osangoikoleka m'khosi kapena kuikhalira ngati mtsamiro. Ya mwana ikhale ya msinkhu wake; ikakula, mwanayo akagwera m'madzi amapulumukira pansi jekete n'kutsala ikuyandama yokha. Muyese pomunyamula ndi mapewa a jeketeyo, ikakwera mpaka m'makutu ndiye kuti yakula. Ndipo mafumu ndi makomiti a m'midzi ya m'mbali mwa Shire, inu amene mumatha kusonkhetsa ndalama ya mjigo ukawonongeka, simungasonkhetse ya majekete asanu okhala padoko?

Pomwe palibe jekete pali chigubu. Chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotsekedwa bwino, chimatha kugwira munthu wamkulu kuti mutu ukhale pamwamba. Sichilowa m'malo mwa jekete, chifukwa munthu akakomoka kapena manja akatopa chimamupulumuka, komabe kuli bwino kukhala nacho. Mangani chingwe pachogwirira chake, mukwere nacho. Akusekani tsiku loyamba lokha.

Ena mwa inu mudaona pa zithunzi za nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 opulumutsa anthu akuyenda pa maboti opopa mpweya aja, ndipo mdzukulu wanga wina adandifunsa kuti bwanji sitigula oterowo m'malo mwa mabwato osema. Maboti amenewa ngabwinodi pa ntchito yake. Machubu a m'mbali mwake ndi otakata moti savuta kukhazikika, ndipo m'kati adawagawa zipindazipinda kuti chimodzi chikabooka zinazo zigwirebe. Anthu olemera a ku Monaco ndi kwina amachita kuitanitsa awoawo, opangidwa momwe akufunira, ongowatengera kuchoka pa sitima zawo zosangalalira kukafika kumtunda. Ntchito yake ndi yomwe ija amagwira maboti ang'onoang'ono a Ilala potula anthu m'madoko momwe sitimayo singafike kugombe. Koma chimene chimandigwira mtima ine si kukongola kwake. Boti lotere limabwera ndi kachikwangwani konena chiwerengero cha anthu ndi kulemera kwa katundu yemwe lingasenze. Munthu wa ndalama zake zonsezo amamvera kachikwangwani, ife a bwato la mtengo umodzi timati “tithithikane.” Komanso pa Shire wathuyu, wa zitsa, miyala yakuthwa ndi dzuwa lomwe limafooketsa zomatira, boti lopopa limafuna munthu wophunzitsidwa woliyang'anira. Lopanda mwini wolisamala silingathe zaka zomwe bwato losema limatha.

Musasokoneze maboti amenewa ndi tija ta pulasitiki topopa ndi pakamwa tomwe mumagulira ana m'mashopu a mu Limbe popita kunyanja pa Khirisimasi. Ito ndi tidole. N'topepuka moti kamphepo kochokera kumtunda kamatikankhira pakati pa nyanja mwana ali momwemo, inu muli kalikiliki kujambulana pafoni. Chubu cha galimoto chomwe anyamata amaseweretsa pa Lisungwi ndi chimodzimodzi. Mwana wosakwana zaka zisanu akakhala m'madzi, mkono wanu uzitha kumufikira. Ndipo musadalire kuti mumva kukuwa. Mwana womira sakuwa, pakamwa pamakhala potanganidwa ndi kufuna mpweya. Amangoti mutu tumphu, mutu mbwi, mwakachetechete. A bungwe la World Health Organization adati mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 adafa pomira m'madzi pa dziko lonse, ndipo ana aang'ono ndi amene ali pachiopsezo chachikulu.

Bwato likatembenuka, musalisiye ngati likuyandama, gwirani pomwepo. Katundu mutayeni, chimanga chimalimidwa chaka ndi chaka. Madzi akakukokololani musalimbane nawo. Gonani chagada, miyendo itsogole kumunsi kuti ikumane ndi miyala m'malo mwa mutu, n'kumasendera kugombe pang'onopang'ono. Inu muli kumtunda, musadumphire munthu womira ngati simudaphunzire kupulumutsa, adzakukakamirani m'khosi n'kumira nonse awiri. Mupatsireni nsungwi, nkhafi, nsalu zolumikiza, kapena muponyereni chigubu chija, inu mutagona chafufumimba kuti asakukokereni.

Akavuulidwa, apa ndiye mundimvetsetse ngati namwino. Mchitidwe womuzondotsa munthu, kumupsinja pamimba kapena kumugubuduza pa mtondo kuti asanze madzi, usiyeni. Mukutaya nthawi, ndipo zomwe zatuluka m'mimbazo zimatha kulowa m'mapapo. Chomwe thupi lake likusowa ndi mpweya, ndipo ubongo ukausowa kwa mphindi zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi umayamba kuwonongeka. Mugonekeni chagada pamalo olimba, mukwezeni chibwano, muone ngati akupuma. Ngati sakupuma, mutsineni mphuno n'kumuuzira mpweya m'kamwa kasanu, mukuona chifuwa chikukwera. Kenako dinikizani mwamphamvu pakati pa chifuwa ka 30, mofulumira ngati kawiri pa sekondi, n'kuuziranso kawiri, n'kubwereza 30 ndi kawiri osalekeza, mukulandirana ndi mnzanu, wina atathamangira thandizo. Kwa khanda, pakamwa panu paphimbe mphuno ndi kamwa lake pamodzi, muuzire pang'ono chabe, ndipo podinikiza mugwiritse zala zazikulu ziwiri za m'manja. Kwa mwana wokulirapo dzanja limodzi likwana. Ambiri amaopa kuthyola nthiti. Nthiti timazisamalira kuchipatala, zimapola.

Akayamba kupuma mugonekeni cham'mbali kuti akasanza zisamutsamwe, mumuvule zonyowa n'kumufunditsa zouma. Tiyi kapena phala zidikire mpaka atatsitsimuka bwinobwino. Ndipo ngakhale adzuke n'kumayankhula, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ndi pa Matope, pa Zalewa, ku Lisungwi kapena kuboma. Madzi ochepa omwe alowa m'mapapo amatha kudzayambitsa vuto patapita maola. Akakuuzani kuti mubwerere kunyumba, usiku woyambawo musagone nonse. Mmodzi akhale maso ndi nyali. Mukaona mwana akutsokomola kosalekeza, akupuma mothamanga, m'nthiti mukulowa m'kati, milomo yasintha mtundu kapena akuvuta kudzutsa, musadikire kuche, dzutsani wa kabaza nthawi yomweyo.