Ku Banket, komwe onga umayezedwa pa sikelo

Basi yochoka ku Blantyre imadutsa pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda. Ku Harare ndinakwera ina yolowera ku Chinhoyi, ndipo titapitirira mapiri a Great Dyke ndinatsikira pa Banket, pakati pa minda ya fodya ndi chimanga ya Mashonaland West. Ndinkakaona atsibweni anga, kapitawo pa famu ina kumeneko.

Amalawi m'derali ndi akalekale. Makolo awo anabwera wapansi kapena pa magalimoto a Mthandizi nthawi ya atsamunda, ndipo mpaka lero m'makomboni mumavinidwa gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure. Minda yambiri inasintha eni kuyambira mu 2000, koma anyani ndi nguluwe sizinasiye kuba chimanga. Choncho mfuti pa famu ikadali chida cha ntchito.

Loweruka masana atsibweni anandiitana. "Mphwanga, tiye ukaone zimene bwana amachita kugalaja."

Mwini famuyo, Mshona wachikulire, anali ataika pa tebulo makoko a mkuwa a zipolopolo zowombedwa kale. Mfuti yake ndi .303 Lee-Enfield, mtundu umene asilikali a King's African Rifles ananyamula pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mfuti imeneyi imamenya phewa kolimba, moti mwana wake wamkazi ankatsinzina asanawombere n'komwe. Zipolopolo za m'sitolo nazonso n'zodula. N'chifukwa chake amadzaza yekha zopepuka, zongowombera chandamale.

Khoko lililonse ankaliyang'ana ngati lang'aluka, n'kulibweza mumsinkhu wake ndi makina a pamanja. Onga ankayeza pa sikelo yaing'ono yowerenga ma grain, muyeso wochepa kwambiri woti 15 sakwana galamu imodzi. Buku la opanga onga linali chitsegulire pambali pake, ndipo pogwira ntchitoyo sankayankha munthu.

Ndinakumbuka alenje akwathu akuthira onga mu gogodela mongoyerekeza ndi maso, ndipo ndinafunsa: "Atsibweni, ngati akufuna chipolopolo chofatsa, osangochepetsa onga bwanji?"

Anapukusa mutu. Anati onga ukachepa mopitirira, chipolopolo chimatsakamira mumpope, ndipo chotsatira chimaphulitsa mfuti m'manja. Komanso onga wochepa umasiya malo m'khoko, moti munthu wosokonezeka angathire kawiri osazindikira. Ndiye chifukwa bwanayo asanatseke makoko amawandandalika n'kuwaunika ndi tochi limodzilimodzi.

Madzulo tinapita kuseri kwa damu, komwe chandamale cha pepala chinakhomedwa patsogolo pa chulu chachikulu choti chizigwira zipolopolo. Atsibweni anayamba azungulira kuthengo kuona ngati kulibe ana otola nkhuni kapena ng'ombe. Tonse tinatseka makutu. Mtsikana uja anagona chafufumimba, nawombera maso ali tong'o, ndipo mabowo anaunjikana malo osaposa chikhatho.

Masewera amenewa ali ndi mbiri m'dzikoli: mu 1977 mpikisano wa dziko lonse wowombera ndi pisitolo unachitikira ku Salisbury, Harare wa lero, ndipo anapambana ndi David Westerhout wa komweko. Koma kale anali masewera a azungu eni minda. Agogo athu ankanyamula mfuti za bwana polondera mbewu, osati posangalala. Atsibweni nawonso ndi katswiri, koma mfuti yawoyawo alibe.

Pobwerera ku Harare anandiperekeza mpaka pamsewu, nandikumbutsa kuti mfuti ndi zipolopolo m'Zimbabwe zimafuna chiphaso cha apolisi pansi pa Firearms Act, ndipo mu 2022 boma linapereka nyengo yoti osunga mfuti zopanda mapepala akazitule osazengedwa mlandu. Inu opita kukaona abale ku mafamu, mukakumana ndi zimenezi kaonereni ndi maso. Musatole ngakhale khoko lopanda kanthu n'kuliponya m'chikwama, chifukwa pa Nyamapanda lingakutsekereni ulendo.