Za Cakudya Cochedwa Tiramisu

Caka catha amai athu otibala anadwala malungo, ndipo atacira anatsala ndi m'kamwa mowawa, nakana nsima, nakana phala, nangokhala pakhonde tsiku lonse manja ali pa maondo. Tsono mwana wathu wamkazi, amene aphika m'hotela ina ya m'tauni, anabwera kudzazonda, nati, "Atate, tiyeni tiwayese ndi tiramisu." Ife tinaseka, pakuti dzinalo linamveka ngati la mankhwala, koma popeza nzeru zina zinatithera, tinabvomera.

Cakudya cimeneci kwao ndi ku Italy, ndipo dzina lace litanthauza kuti, Ndidzutse. Sicakale monga ena aganiza. Nyumba yodyeramo yochedwa Le Beccherie, m'mzinda wa Treviso, m'cigawo ca Veneto, inena kuti inayamba kucigulitsa m'caka ca 1972. Koma anansi ao a ku Friuli akana, nati ncao, ndipo m'caka ca 2017 boma la Italy linacilemba pakati pa zakudya za makolo a ku Friuli, a ku Veneto nadandaula. Mlandu umenewo tiwasiyira eni ace. Cimene cinatikhudza ife ndi ici, cakuti kale alimi a ku Veneto anali kupukusa cikasu ca dzira pamodzi ndi shuga, nacicha sbatudin, napatsa ana, ndi odwala, ndi akazi ongobala kumene. Ndipo ambiri anena kuti muzu wa tiramisu ndi umenewu. Pamenepo tinaona kuti mwana wathu sanasokere.

Tiramisu weniweni amkonza ndi mabisiketi aatali ngati cala, ochedwa savoiardi, obviikidwa m'khofi wowawa. Pamwamba pace athira mascarpone, ndiwo mkaka wa mafuta wolimbitsidwa, nawaza ufa wa koko. Koma khofi awagunditsa mtima amai athu, nawasowetsa tulo. Cifukwa cace tinatsata njira ina, ya cokoleti coyera ndi zipatso za rasipiberi. Mtaliyana akadationa akadati taba dzina la eni, ndipo sitikadamtsutsa kwambiri.

Cokoleti coyera ciribe ufa wakuda wa koko. Muli mafuta a koko okha, ndi mkaka, ndi shuga. A Nestlé anayamba kucigulitsa ku Switzerland m'caka ca 1936. Cizuna koposa muyeso, ndipo pacokha cikola msanga. Ndico cifukwa cifuna cipatso cowawasa. Rasipiberi afanana ndi mabulosi, koma amera pa zitsamba za minga. Ife tinagula ofiira kwa anyamata ogulitsa zipatso m'mphepete mwa mseu wokwera phiri la Zomba.

Mtengo wa mascarpone m'sitolo unatiopsya, motero tinapanga tokha. Tinatenthetsa theka la lita la kirimu kufikira timathobvu taoneka m'mbali, osalola kuti awire. Tinathira supuni imodzi ya madzi a ndimu, ndi kutakasa pang'ono. Atazizira tinamtsanulira pa nsaru yoyera yoyalidwa pa sefa, nagona m'furiji. M'mawa mwace madzi anali atakha, natsala wolimba ngati phala la dzulo.

Pano tiulule colakwa cathu. Ife amene taphunzitsa ana zaka zambiri kuti ayambe amva asanacite, tinaika cokoleti ca magalamu 150 m'poto pa moto weniweni, mwana wathu ali panja. Sicinasungunuke ai; cinaundana, cinacita cikasu, ndi kununkha kupserera. Ndalama yace ikadagula ndiwo za masiku angapo. Iye polowa anayang'ana m'potomo, nati, "Atate, lero mukhale m'kalasi loyamba." Tinagula cina. Njira yace ndi iyi: cokoleti ciikidwe m'mbale youma, mbaleyo ikhale pamwamba pa mphika wa madzi otentha osakhudza madziwo, kuti nthunzi yokha igwire nchito. Ndipo dontho limodzi la madzi likagweramo, cionongekanso comweco.

Pa nthunzi yomweyo tinapukusa zikasu za mazira 3 ndi masupuni 2 a shuga, kufikira zinayera ndi kulimba. Ambiri ku Italy athira mazira osaphika; koma dzira losaphika likhoza kukhala ndi tizirombo ta salmonella totsegula m'mimba, ndipo kwa nkhalamba yongocira kumene imeneyo si nkhani yaing'ono. Zitazizira tinasanganiza mazirawo ndi cokoleti ndi mascarpone, mofatsa, monga aweyula moto wa makala.

Theka la zipatso tinaliphwanya ndi shuga pang'ono ndi madzi, ndi kusefa njere zace, pakuti zilowa m'mano. M'madzi ofiirawo ndimo tinabviika mabisiketi. Apa mpamene pagona luso lonse. Bisiketi limwa msanga koposa cinkhupule; mukati, imodzi, ziwiri, liturutseni. Mukacedwa lisanduka matope, mbale yonse nicita thamanda. Mukafulumira litsala louma pakati. Tinayala mabisiketi pansi, tinathira zonona zija, tinamwaza zipatso zathunthu, ndi kubwerezanso kaciwiri.

Cotsala ndico kudikira, maora 6 kapena usiku wonse, kuti mabisiketi akoke cinyezi pang'ono pang'ono, ndi cokoleti cilimbitse zonse. Ana ang'ono a m'nyumba anatsegula furiji kasanu, ndipo kamodzi tinawapeza ife tiri pa ulendo womwewo.

M'mawa tinapita nako kambale pakhonde. Amai anakayang'ana nthawi yaitali, nafunsa ngati zofiirazo ndi mwazi. Analawa nsonga ya supuni, nakhwinyata nkhope cifukwa ca kuwawasa, nakhala cete. Ndipo tinayesa kuti ndalama zathu zapita pacabe kaciwiri. Koma anatapanso, natapanso, kufikira kambale kanayera. Pobweza supuni anati, "Aphunzitsi, phala lanuli likoma, koma mwacedwa nalo, lazizira. Latsalako mukanditenthetsere."

Sitinalitenthetse. Madzulo ace anadya lina lozizira lomwelo, ndipo pa tsiku lacitatu anaitanitsa nsima ya thelele.