Kukondera Achibale ndi Moto wa M'tchire

Pamene boma la Zambia lidalemba aphunzitsi 30,496 m'chaka cha 2022, kusankhako kudayambira m'makomiti a m'maboma monga Lundazi, mwa zina pofuna kuchepetsa kukondera achibale, komwe ndi kupatsa munthu ntchito chifukwa cha ubale osati maphunziro ake. Ku Kapichila, m'boma la Lundazi, kuopsa kwa mchitidwewu kungaonekere bwino kuyambira Ogasiti kufikira Okutobala, udzu utauma, pamene moto woyatsidwa ndi osaka mbewa umathamangira ku nkhokwe ndi nyumba zofolera udzu, pakuti mlangizi wa boma amene anthu akumuganizira kuti adalowetsedwa ntchito ndi amalume ake sakhulupiriridwa, ndipo akachenjeza banja kuti lichoke m'njira ya moto, banjalo limatsalira kuti lipulumutse chimanga.