Buku la chambo

Ndimaphunzitsa Sitandade 2 pasukulu ina m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Ana anga ambiri kwawo amayankhula Chiyao. Chichewa amachitola kumsika, kudoko ndi pawailesi, ndipo akafika kuno timawasenzetsanso Chingerezi. Ena akaweruka amapita kumadarasa, komwe malembo amayambira kumanja kulowera kumanzere. Nchifukwa chake mwana akagwira pensulo n'kumadodoma kuti ayambire mbali iti ya kope, ine sindimukalipira.

Chiyambire pulogalamu ya boma yophunzitsa kuwerenga mu 2016, ntchito yathu ili ndi ndondomeko yake. Buku la mphunzitsi limatiuza chochita: liwu, lembo, phatikizo, mawu, kenako chiganizo. Ndiyamba ine, tichitira limodzi, pomaliza achite okha. Njirayi sindiyinyoza, ndipo mabuku okonzedwa ku Domasi atithandiza ndithu. Koma mwana angathe kuphatikiza "cha" ndi "mbo" bwinobwino, osazindikira kuti wawerenga ndiwo imene wadyera nsima dzulo. Pakamwa patuluka mawu, m'mutu simunalowe kanthu. Apa ndi pamene ndimatulutsa mabuku a zinthu zenizeni.

Nthano ndimazikonda, komatu zimavuta kwa mwana amene Chichewa chake chikadali chosakhwima. Nzeru za Kalulu zimabisala m'mawu, ndiye akaphonya mawu amodzi nthano yonse yamupulumuka, anzake akuseka iye ali duu. Buku lofotokoza za nsomba silitero. Utha kulitsegula tsamba lililonse. Chithunzi chili pomwepo, mzere ukuloza chipsepse, dzina lili pambali, ndipo mawu omwewo amabweranso tsamba lotsatira. Choposa zonse, mwana wa msodzi amafika pa bukulo akudziwa kale zambiri kuposa ine.

Mabuku otere a m'Chichewa ndi osowa. Amene amabwera ngati mphatso kawirikawiri amakamba za chipale chofewa ndi zimbalangondo, m'Chingerezi chimene ngakhale wa Sitandade 6 angatuluke nacho thukuta. Choncho timapanga tokha, monga anatiphunzitsira kukoleji za TALULAR, njira yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi. Ndimadula makatoni, n'kumata mapepala, n'kusoka ndi ulusi wa thumba la feteleza. Malembo amakhala akuluakulu kuti awaone ndi wokhala kumbuyo kwenikweni, pakuti kalasi imadzaza mpaka pakhomo.

Buku la chambo ndimaliyamba popanda lembo lililonse. Ndimajambula nsombayo pabolodi n'kufunsa: mukudziwapo chiyani? Aliyense ayankhe m'chiyankhulo chimene chamufikira msanga. Pamene Chiyao changa chaperewera, mnzake amamasulira, ndipo womasulirayo waphunzira kawiri. Ana amene chaka chonse umawayesa amanyazi, tsiku limeneli amakanganirana kuyankha. Zonena zawo ndimazilemba m'Chichewa iwo akuona choko chikuyenda, kuti adziwe kuti zili pabolodizo zachokera mkamwa mwawo. Kenako timaika mayina pachithunzi: diso, kamwa, mamba, zipsepse, mchira.

Tsamba lokoma ndi la kuswana. Chambo chachimuna chimakonza chisa pamchenga pansi pa madzi. Chachikazi chikaikira mazira chimawatola n'kuwasunga mkamwa mpaka ataswa, ndipo tiana tikaona choopsa timathawira mkamwa momwemo. Ndikawerenga zimenezi kalasi imagawikana. Ena amati nsombayo ikudya ana ake. Wina amaimirira n'kunena kuti anaona yekha kudoko tiana tikutuluka mkamwa mwa nsomba yokodwa muukonde. Sindifulumira kuweruza. Ndimati tibwerere pa tsambalo, loza mawu amene akukuikira kumbuyo. Mwana amene akusakasaka chiganizo ndi chala kuti agonjetse mnzake, ameneyo akuwerenga zenizeni. Mkanganowu umatifikitsanso pa funso loti nchifukwa chiyani boma limatseka nyanja mu Novembala ndi Disembala, ndipo yankho amalipeza okha.

Kulemba kumabwera pambuyo. Ndimawapatsa chiyambi, "Chambo chili ndi…" kapena "Chambo chimasunga…", iwo amalize. Ambiri amalemba "masira" m'malo mwa "mazira", chifukwa liwu la z sanakule nalo kunyumba. Cholembera chofiira sichithandiza pamenepa. Ndimawauza agwire pakhosi, atchule s, kenako z, amve kunjenjemera kumene kukubwera pa liwu lachiwirilo. Akakumva ndi zala zawo, lembo lija limakhazikika. Chingerezi ndimachilowetsa pomaliza, mawu atatu kapena anayi pachithunzi chomwecho. Lamulo la maphunziro la 2013 limaika Chingerezi patsogolo, koma kwa ine mawu achilendo amagwira msanga akapeza mwana akuchidziwa kale chinthucho.

Buku lotere limamanganso mphunzitsi. M'nthano utha kuwonjezera zako, koma ukanama za nsomba ana akakunenera kwa atate awo. Ndisanalembe tsamba ndimayamba ndapita kudoko kukafunsa asodzi. Anawonso ndimawatuma ndi funso limodzi: kafunseni agogo kuti mwera umaomba miyezi iti, nanga siginala amayatsiranji nyali usiku popha usipa? Mmawa amabwera ndi mayankho a m'Chiyao, ena osemphana, ndipo timasankha limodzi loti lilowe m'buku. Kholo losadziwa kulemba limamva kuti mawu ake ali patsamba lachitatu, ndipo ena abwerapo kudzaona.

Vuto lalikulu ndi kosunga. Kalasi ilibe kabati, chiswe chimakonda katoni, ndipo nthawi ya dzinja denga limadontha. Mabuku ndimapita nawo kunyumba m'thumba la pulasitiki, mmawa n'kubwera nawo panjinga. Teremu ino tikusoka buku la usipa, ndipo tsamba la thandala ajambula atsikana, poti ndiwo amathandiza amayi awo kuyanika.